ISAKE NDI ISMAYELI ANAKUMANA PA MANDA A BAMBO WAO

Uthenga wa nyengo ya Lenti kwa amayi

Mau a Mulungu: Yesaya 58:3-9, Genesis 21:8-21, Genesis 25:7-10

Kwa amayi anzanga a Umodzi wa Amayi m'maparishi onse a Dayosizi yathu ya Lake Malawi. Mau awa tinagawana koyamba pa msonkhano wa amayi kuno ku Madisi, ndipo anzanga anandipempha kuti ndiwalembe, kuti afikenso kwa inu a kumapiri a Ntchisi, a kunyanja ndi a m'tauni.

Lenti imatipeza pa nthawi yovuta kuno kwathu. Nkhokwe zapepuka, chimanga cha m'munda sichinakhwime, ana akugonera maungu ndi nkhwani, ndipo manja athu ada ndi kusoka fodya pa chigafa. Malungo nawo ndiye nyengo yake. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi ndi phulusa pamphumi, mayi wina wachikulire anandikoka chitenje nati, "Amayi, abambo akuti tisale kudya masiku 40. Nanga ife amene tinayamba kusala mu Disembala, Lenti yathu idzatha liti?" Tonse tinaseka, koma funsolo linali loona. Amene munaona njala ya 2002 mukudziwa kuti miyezi ya Febuluwale ndi Malichi si yoseweretsa m'boma la Dowa.

Choyamba ndinene mosabisa: Mulungu salanda nsima kwa munthu amene alibe. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, ndi aliyense amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, adye, ndipo asadziimbe mlandu. Koma pali kusala kwina kumene tonse tingathe, wolemera ndi wosauka yemwe. Pa Yesaya 58 anthu akudandaula kuti asala kudya koma Mulungu sakuwaona. Mulungu akuwayankha kuti pa tsiku lomwelo losala akukangana, akumenyana nkhonya, ndi kupondereza antchito ao. Kusala kumene Iye akufuna nkwakuti amasule omangidwa, agawane chakudya ndi wanjala, alowetse m'nyumba wosowa pogona, ndipo aleke kulozana chala. M'mimba mungakhale mopanda kanthu, koma ngati mumtima mwadzaza chidani, kusalako sikufika kumwamba.

Chaka chino ndikufuna tione chala chimodzi chimene timaloza kawirikawiri osazindikira, chala choloza anansi athu Achisilamu.

Ndili ndi mnansi wa Chisilamu, kwao ndi ku Nkhotakota, ndipo amagulitsa usipa pa msika. Takhala moyandikana zaka zambiri, timatunga pa mjigo umodzi, timabwerekana mchere ndi moto. Mu Malichi 2025 ndinayamba kumva mapoto akulira kwao usiku, tambala woyamba asanalire. Ankaphika daku, chakudya chimene Asilamu amadya kusanache m'mwezi wa Ramadhani. Masana tikakumana pa mjigo, dzuwa lili paliwombo, iye ankapopa madzi, kusenza, osalawako ngakhale dontho mpaka dzuwa litalowa. Ine nthawi imeneyo ndinali nditasiya shuga mu tiyi, ndipo nyumba yonse inkadziwa za kuvutika kwanga.

Pa 5 Malichi, Lachitatu la Phulusa, anandiona ndikuchokera ku Misa nati, "Anzanga, mwadetsedwa pamphumipo, pukutani." Ndinamufotokozera kuti ndi phulusa la kanjedza wa chaka chatha, lotikumbutsa kuti ndife dothi, ndipo kuti tayamba masiku 40 a kusala ndi kulapa pokonzekera Pasaka. Anandiyang'ana modabwa. "Kani nanunso mumafunga?" Mau amenewa anandilasa. Zaka zonsezi mayiyu sankadziwa kuti Akhristu amasala. Ndikanakonda kunena kuti ndinamvera bwino Mateyu 6, pamene Ambuye akutiuza kuti tisamadzionetsere posala kudya. Koma choona nchakuti Lenti yanga siinasinthe kanthu kalikonse kamene mnansi akanatha kuona. Pakamwa panga panali pomwepo, kuuma manja kwanga kunali komweko.

Mwezi wa Ramadhani umatsata mwezi wa kumwamba, choncho chaka chilichonse umafulumira ndi masiku 10 kapena 11. Ndi chifukwa chake nthawi zina umagwa m'chilimwe, nthawi zina m'dzinja, ndipo pamatenga zaka ngati 33 kuti ubwerere pamene unali. Kuyambira 2022 mpaka 2027 Ramadhani ndi Lenti zikukumana chaka ndi chaka. Zinakumananso mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inadzudzula kupanda chilungamo m'dziko muno, pa nthawi imene munthu ukatsegula pakamwa unkasowa. Sabata yomweyo Asilamu anali atangoyamba kusala. Chaka chisanathe kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, PAC, m'mene atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anakhalira pamodzi kukambirana ndi boma, kufikira riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Dziko linasintha popanda nkhondo. Ambiri a ife tinali atsikana kapena amayi achichepere, tinkangomva pa wailesi, koma mtendere umene tikudyawu unaphikidwa ndi anthu a zipembedzo zosiyana.

Tsopano titsegule Genesis 21. Nkhani iyi ndi ya amayi awiri m'banja limodzi, ndipo palibe mayi wa ku Malawi amene angaimve ngati yachilendo. Sara analibe mwana, napereka mdzakazi wake wa ku Igupto, Hagara, kwa Abrahamu. Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86. Patapita zaka 14 Sara anabala Isake. Pa tsiku la phwando loletsa Isake kuyamwa, Sara anaona mwana wa mnzakeyo akuseka, mtima unamupweteka, nauza mwamuna wake kuti achotse mdzakaziyo pamodzi ndi mwana wake, kuti asadzagawane chuma ndi Isake. Taonani pamene mkangano unayambira. Sunayambire ku nkhondo kapena ku bwalo la mafumu. Unayambira pa phwando la mwana, m'maso mwa mayi woopa kuti wake adzachepekedwa.

Sindikuti timuponye miyala Sara. Mulungu anatsimikiza kuti pangano lidzadzera mwa Isake, ndipo ife Akhristu timakhulupirira kuti linakwaniritsidwa mwa Yesu Khristu. Koma werengani bwino zimene Mulungu anachita ndi wopirikitsidwayo. Abrahamu analawira m'mamawa, napatsa Hagara mkate ndi thumba la madzi. Mayi ndi mwana anasochera m'chipululu cha Beereseba. Madzi atatha, Hagara anagoneka mwana pansi pa chitsamba, nakakhala chapatali, chifukwa sanafune kuona mwana wake akutsirizika. Amayi amene munakhalapo pa mkeka m'chipatala usiku, mwana akupuma mobanika, mukudziwa chifukwa chake anayang'ana kumbali. Ndipo Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo. Anatsegula maso a Hagara, naona chitsime. Baibulo likutinso Mulungu anakhala naye mnyamatayo pamene ankakula. Dzina lenilenilo lakuti Ismayeli limatanthauza kuti Mulungu amamva.

Anansi athu Achisilamu amadziwerengera kwa Abrahamu kudzera mwa Ismayeli ameneyu. Akapita ku Makka pa ulendo wa Haji amayenda kasanu ndi kawiri pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa pokumbukira m'mene Hagara, amene iwo amati Hajara, anathamangira kufuna madzi, ndipo amamwa pa chitsime cha Zamzam. Anthu mamiliyoni chaka ndi chaka amaponda m'mapazi a mayi wosiyidwa. Ine nditamva zimenezi ndinaleka kuwerenga Genesis 21 mothamanga.

Pitani tsopano ku chaputala 25. Abrahamu wamwalira ali ndi zaka 175. Ndani anamuika? Ana ake awiri, Isake ndi Ismayeli, m'phanga la Makipela. Werengani zaka: Isake anali ndi 75, Ismayeli 89. Nkhalamba ziwiri za imvi zanyamula bambo wao. Ndipo m'phanga lomwelo munali mutagona kale Sara, mayi amene anapirikitsa Ismayeli. Munthu sabwera pa maliro asanauzidwe. Ndiye kuti wina ananyamuka kwa Isake kukanena maliro ku chipululu, ndipo Ismayeli atamva sanati, "Munandithamangitsa, ikani nokha." Ananyamuka.

Ine ndimaganizira za Hagara pamenepa. Mwanayu analeredwa ndi mayi yekha, ndipo ndi mayiyo amene anamupezera mkazi. Hagara akanakhala kuti usiku uliwonse pa moto ankamwetsa mwana wake ndulu, kumuuza kuti a kwa Sara ndi adani mpaka muyaya, sindikhulupirira kuti Ismayeli akanafika ku Makipela wopanda uta m'manja, pakuti anali katswiri woponya mivi. Mwana amayamwa zambiri kuposa mkaka.

Za maliro ife sitifunika kuphunzitsidwa. Kuno ku Madisi mfuu ikamveka palibe amene amafunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti. Timatenga kaufa m'mbale, nkhuni pamutu, ulendo ku siwa. Timagona pa mphasa imodzi, Mkatolika, wa CCAP, wa Anglikani, Msilamu, ngakhale wa kudambwe. Pa ukwati kapena pa sadaka timaitana Msilamu kuti achinje mbuzi kuti aliyense adye ndi mtima woyera, ndipo mayi wanzeru amadziwa kupatula mphika umene unaphikapo nkhumba. Makolo athu anatisiyira nzeru imeneyi. Funso langa ndi ili: bwanji ubale umenewu timausunga kufikira pa manda? Isake ndi Ismayeli anataya zaka zoposa 70. Kodi ifenso tidikire chitanda kuti tilowe m'nyumba ya mnansi?

Mpingo wathu wakhala pafupi ndi Asilamu kuyambira pachiyambi. Amishoni a UMCA anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, m'mudzi umene unali likulu la Jumbe, m'mene Chisilamu chinali chitazika kale mizu. Mbiri ya malowo ili ndi zowawa, pakuti akapolo ambiri ankaolotsedwa nyanja kuchokera pa dooko limenelo, ndipo ena mwa iwo anagwidwa kumtunda kuno. Komabe kwa zaka zoposa 130 belu la tchalitchi cha All Saints ndi kuitana kwa ku mzikiti zakhala zikumveka m'tauni imodzi, ndipo pa chipatala cha St Anne's mayi akabwera ndi matenda safunsidwa chipembedzo asanathandizidwe. Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi ansembe mbali ina ndi mashehe mbali ina.

Koma tisadzitame msanga. Mu Novembala 2019 pa sukulu ya mpingo wathu ya M'manga ku Balaka panabuka ndeu pakati pa Akhristu a Anglikani ndi Asilamu, pa nkhani ya atsikana ofuna kulowa m'kalasi atavala hijabu. Anthu anavulala, katundu anaonongeka, ndipo ana anakhala osaphunzira. Nkhaniyo inamveka mpaka kunja kwa dziko. Panatenga zokambirana zazitali, motsogozedwa ndi PAC, kufikira mu Juni 2021 pamene atsogoleri a mbali zonse anasainirana pangano lolola atsikana Achisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo. Sindikufuna kuweruza pano kuti anayamba ndani. Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi: anyamata amene anatola miyala tsiku limenelo, mbali zonse ziwiri, anali ndi amayi ao. Anadya nsima yophikidwa ndi mayi m'mawa umenewo. Ndipo nkhani yonse inali ya nsalu ya kumutu, chinthu chimene ifenso sitilowa m'tchalitchi popanda icho. Ife amayi a duku tikanayenera kukhala oyamba kumvetsa.

Mwala suyambira m'manja. Umayambira pa mau amene timalankhula posenda mbatata ana akumva: "Usakasewere kwa Achawa aja." "Anthu amenewa ngosakhulupirika." Kwaonso kuli maina amene amatitchula, ndikudziwa, koma ine ndatumidwa kwa inu, osati kwa iwo. M'mera mpoyamba. Mwana amene wamva kwa zaka 15 kuti mnansi ndi munthu woopsa safuna ndemanga yaitali tsiku limene wandale kapena wotentha mutu wina adzamupatse mwala.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima, chifukwa chinanenedwa mokweza pa msonkhano wathu. "Tikazolowerana nawo atitengera ana." Mantha amenewa si opanda pake, ndipo sindiwapeputsa. Pali amayi pakati pathu amene ana ao aakazi anakwatiwa ku Chisilamu nasiya mpingo, ndipo mtima wa mayi umawawa akaona mwana amene anamunyamula pa ubatizo sakubweranso ku guwa. Tinene zoona: chikhulupiriro chathu ndi chao sizofanana. Ife timavomereza kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anafa pa mtanda nauka tsiku lachitatu. Iwo amamulemekeza ngati mneneri, amalemekezanso amayi ake Maria, koma za mtanda ndi kuuka savomereza. Ubwenzi sutanthauza kusakaniza zimenezi ngati ufa ndi gaga. Mnansi wanga sanandipemphepo kuti ndisiye Yesu, inenso sindinabise mtanda wa pakhosi panga polowa kwao.

Koma chidani si mpanda woteteza ana. Mwana amasungika ndi chikhulupiriro chimene waphunzitsidwa pakhomo, mapemphero a madzulo, Sande sukulu, kalasi ya chilimbitso, ndi moyo wa mayi wake umene amauona. Petro Woyera, m'kalata yake yoyamba 3:15, akutiuza kuti tikhale okonzeka kufotokoza za chiyembekezo chathu kwa wofunsa, koma mofatsa ndi mwaulemu. Adzakufunsani bwanji munthu amene simumupatsa moni? Ndipo ndinene ichi ngakhale chiwawe: mayi amene mwana wake wakwatiwa ku Chisilamu timamunena kumbali, timaleka kumuyendera, ngati walakwa ndiye. Chimenechi ndi tchimo, tilape Lenti ino. Zidzukulu zakezo ndi zidzukulu zathu.

Tikamapempherera mtendere tisaganize kuti tikupempherera chinthu chakutali. M'boma lathu lomwe lino muli Dzaleka. Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi inali ndende ya andale, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwao. Malo amene anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 akhala akusunga oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia, Akhristu ndi Asilamu pa mzere umodzi wa chakudya. Aliyense wa amayi amenewo anali ndi munda, nkhuku ndi anansi, monga ife. Ku Rwanda mu 1994 ambiri anaphedwa ndi anthu amene ankapemphera nawo m'tchalitchi chimodzi. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, nkhondo imene inayamba mu 2017 yathamangitsa anthu zikwi mazanamazana m'midzi yao, ndipo ozunzikawo ndi Asilamu ndi Akhristu omwe. Hagara akadali m'chipululu, thumba la madzi latha.

Ku Mozambique komweko kuli chitsanzo chotilimbikitsa. Bishopu wa Anglikani Dinis Sengulane wa ku Lebombo anali mmodzi wa atsogoleri a mipingo amene anayenda pakati pa boma ndi Renamo kufikira pangano la mtendere la mu Okutobala 1992. Nkhondo itatha anaona kuti mfuti zikadali zokwiriridwa m'midzi, ndipo mu 1995 mipingo inayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Anapemphera, kenako anakafukula mfutizo. Ifenso tili ndi zokwirira zathu kuseri kwa nyumba: mkangano wa malire a munda, mbuzi imene inadya chimanga zaka zitatu zapitazo, mau amene ananenedwa pa mjigo. Mneneri Yeremiya, pa 29:7, anauza Ayuda amene anali ku ukapolo kuti apempherere mtendere wa Babulo, mzinda wa anthu opembedza mosiyana nawo, chifukwa mtendere wa mzindawo ndiwo unali mtendere wao. Msika wa Madisi ukapsa, moto sudzasankha benchi ya Mkhristu.

Lachisanu lililonse la Lenti timasonkhana kuyenda Njira ya Mtanda. Tsiku lomwelo masana anansi athu amakhala ali ku mzikiti. Ndikupemphani kuti tikafika pamene Ambuye akukumana ndi amayi a ku Yerusalemu, aliyense atchule mumtima dzina la mnansi mmodzi wa chipembedzo china, ndi ana ake, nawapempherere zabwino zenizeni: thanzi, zokolola, sukulu. Nkovuta kunyoza madzulo munthu amene wamupempherera masana. Ndipo pa 25 Malichi, tsiku la Maria kulandira uthenga wa mngelo, limene ndi tsiku lalikulu la bungwe lathu limene Mary Sumner anayambitsa posonkhanitsa amayi oyamba mu 1876, nthambi iliyonse iganizire zoyendera odwala ndi amasiye a m'mudzi osasankha a mpingo wathu okha.

Ine chimene ndinachita nchaching'ono. Shuga amene ndinasiya uja ndinamusunga m'chitini. Lachisanu lina madzulo ndinaphika futali wa mbatata ndi nsinjiro mu mphika watsopano, ndinatenga ndi chitinicho, nkupita kwa mnansi dzuwa likulowa. Ndinamuuza kuti mphikawo sunaphikepo china chilichonse. Anaseka nati pa Chiswahili chakudya chomasulira kusala amachitcha futari, ndiye ndabweretsa chakudya cha dzina lake. Anapemphera m'njira yake, ine ndinapemphera m'dzina la Yesu, tinadya. Pa tsiku la Idi mwana wake anafika pakhomo ndi mbale ya mpunga. Loweruka Loyera, ndikuchapa yunifolomu, anabwera yekha nakhala pa khonde, nandifunsa kuti, "Tandiuzani bwinobwino, Lachisanu dzulo lija munkalira chiyani m'tchalitchi?" Ndinasiya zochapazo m'beseni.

Tipemphere.

Mulungu wa Abrahamu, amene munamva kulira kwa mwana pansi pa chitsamba ndi kuonetsa mayi wake chitsime, imvani ana amene akulira ku Dzaleka, ku Cabo Delgado, ku Congo ndi ku Sudan. Khululukirani mau oipa amene talankhula ana athu akumva. Dalitsani anansi athu Achisilamu ndi mabanja ao. Patsani nzeru mafumu athu, Bishopu wathu, ansembe, mashehe ndi onse olamulira dziko lino. Sungani amayi oyembekezera ndi odwala m'miyezi ino ya njala, ndipo mukhwimitse mbeu zathu m'minda. Mutifikitse ku Pasaka tili oyanjana ndi Inu ndi anzathu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.